Kapentedwe ka Matabwa Akale pa Tinyumba ta Masewera a Nkhondo a Patebulo

Kampanda koyamba komwe ndinapangira tebulo lathu la masewera a nkhondo, omwe timasewera ndi tizidole ta asilikali, ndinakapenta bulauni yekhayekha. Ndinapita nako kwa malume anga, amene akhala akupala matabwa ku Glen View, kuno ku Harare, kuyambira ine ndisanabadwe. Anakatembenuza m'manja kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, tiye panja." Anandiimika pa chitseko cha khola lawo la nkhuku n'kundifunsa kuti, "Tandilozera, bulauni ali pati apa?" Chitsekocho chinali mbuu ngati phulusa. M'ming'alu munali bii, m'munsi munali mofiira ndi dothi lomwe mvula imawaza, ndipo pansi pa msomali uliwonse panatsetsereka kamzere kakuda. Bulauni ndinamupeza malo amodzi okha, pamwamba penipeni pomwe lata limatchinga dzuwa.

Chimene chimachitika n'chakuti dzuwa limawononga lignin, chinthu chomwe chimamata ulusi wa mtengo pamodzi. Mvula ikabwera imamukokolola, n'kutsala ulusi wotumbuluka, ndipo nkhungu zing'onozing'ono zimaudetsa mpaka thabwa lonse kutuwa. Mbali yofewa ya mtengo imadyeka msanga kuposa yolimba, n'chifukwa chake thabwa lakale mukalisisita limamveka mizeremizere. Ntchito yathu yonse ili pa zinthu ziwirizi, mizere ndi kutuwa. Musanagwire burashi, tengani foni mukajambule matabwa enieni: mabenchi a ku Mbare Musika, makabini a matabwa omwe ali kuseri kwa nyumba zambiri ku Highfield ndi ku Mufakose, kapena mpanda wa dimba la anzanu. Zithunzi zitatu zakwana. Muziziyang'ana pa gawo lililonse.

Ndifotokoza pogwiritsa ntchito kashedi kamodzi ndi kampanda kake, ka muyeso wa tiasilikali ta 28mm, tomwe timagwiritsidwa ntchito m'masewera a patebulo otchedwa Bolt Action ndi Warhammer.

Zoti musonkhanitse

Matabwa ake ndi timitengo totakasira khofi, timitengo ta ayisikilimu ndi machesi. Balsa, mtengo wopepuka wopangira tizinthu totere, ndi wabwino chifukwa ndi wofewa, koma timitengo ta khofi timalimba kuposa iye, ndipo kashedi kamagwidwagwidwa tsiku lililonse la masewera. Mufunikanso lezala kapena kampeni kakuthwa, burashi ya waya yomwe mungaipeze ku msika wa Siyaso kapena mu hadiweya iliyonse, sandipepa yokhakhala ya nambala 80 ndi yosalala ya 220, guluu woyera wa matabwa, singano, kandulo, ndi nsanza.

Penti ikhale ya acrylic, yosungunula ndi madzi. Timabotolo ta Vallejo ndi Citadel tomwe achimwene amandibweretsera kuchokera ku Johannesburg ndimasungira tiasilikali. Pa tinyumba penti yotchipa ya ana asukulu ya m'machubu imagwira bwino lomwe, bola ikhale acrylic, osati ija imasukuluka ikanyowanso. Mitundu isanu ndi yokwanira: yakuda, yoyera, bulauni yoderako, yofiirira ngati dzimbiri, ndi yachikasu chonga dothi. Yotuwa musagule, muzisakaniza nokha. Maburashi akhale atatu, imodzi yaphanthiphanthi yomwe yatha kale, ina yapakati, ina yosongoka.

Kudula ndi kukalambitsa thabwa

Muyeso wa 28mm ndi pafupifupi 1:56. Ndiye kuti chitseko cha mamita 2 chimakhala cha mamilimita 36, ndipo thabwa la masentimita 20 m'lifupi limakhala la mamilimita atatu ndi theka. Kamtengo ka khofi n'kotambalala kuposa pamenepo, choncho kang'ambeni pakati chamulitali. Musalimbane n'kuti tonse tifanane. Mmisiri wa kumudzi amakhoma thabwa lomwe lapezeka, lina lalikulu lina laling'ono, ndipo kusiyanako n'kumene kumapatsa kashedi moyo.

Tsopano gonekani timatabwato pa katoni, mutipanikize ndi chala, n'kumatikwecha ndi burashi ya waya motsatira utali wake. Burashi izilowera mbali imodzi yokha, osazungulira. Kakhumi kapena kupitirirapo, mpaka chikhadabo chizikodwa m'mizere. Pa balsa musalemetse dzanja, amang'ambika. Mukatero tengani lezala mupale m'mphepete mwa thabwa lililonse kuti ngodya zisakhale zakuthwa, mung'ambe pang'ono kumapeto kwa ena, ndipo awiri kapena atatu muwathyole m'munsi ndi zala m'malo modula, kuti aoneke ngati anawola ndi chinyezi. Mfundo ya thabwa imapangidwa pozungulitsa nsonga ya singano pamalo amodzi, kenako n'kukanda timizere tiwiri tolambalala pamenepo. Mfundo imodzi pa matabwa anayi kapena asanu ndi yokwana.

Gawo limeneli ndi lotopetsa ndipo ambiri amalidumpha. Koma penti siingaonetse mizere yomwe kulibe. Ola lomwe mwataya pano lidzabwerera pamene burashi youma iyamba kuyenda.

Madzi a viniga ndi tiyi

Apa ndi pomwe ndimakonda kwambiri, chifukwa thabwa limatuwa lokha popanda penti. Masiku awiri kapena atatu ntchito isanayambe, tengani kachidutswa ka steel wool, ulusi wachitsulo wokwechera mapoto uja, kokula ngati dzira, mukatsuke ndi sopo kuti mafuta achoke, mukang'ambeng'ambe n'kukaponya m'botolo lagalasi. Thirani viniga woyera mpaka kamire. Chivindikiro musachimange, ingochikhazikani, chifukwa mkatimo mumatuluka mpweya wofunika potulukira. Ikani botololo panja pakhonde, patali ndi moto komanso ndi ana. Masiku akakwana sefani madziwo ndi kansalu. Amaoneka ngati madzi wamba oderako pang'ono, musaganize kuti zakanika.

Chitsulo chosungunuka mu vinigayo chimadetsa thabwa chikakumana ndi tannin, mankhwala achilengedwe a mumtengo. Ndi zomwezo zomwe zimachitika pansi pa misomali ya chitseko cha malume. Vuto ndi lakuti timitengo ta khofi ndi matabwa a paini zili ndi tannin wochepa. Tiyi ndiye ali naye wambiri. Choncho vikani timatumba titatu ta Tanganda, kapena masamba odzaza supuni ziwiri, m'theka la kapu ya madzi owira, opanda shuga kapena mkaka, azizire. Pakani tiyiyo pa timatabwa mbali zonse ziwiri, tiume. Kenako pakani madzi a viniga aja, mbali zonse ziwirinso. Mukapaka mbali imodzi yokha thabwa limapindika ngati uta.

Poyamba palibe chooneka. Dikirani. Pakatha mphindi zingapo mtundu umayamba kutuluka, ndipo pomwe timatabwato tiziuma timakhala titatuwa ngati takhala padzuwa zaka. Musatichite tonse mofanana. Gawani milu itatu: wina upakidwe tiyi kamodzi, wina kawiri, wina muupake madzi a viniga osungunula ndi madzi wamba theka ndi theka. Mukadzasakaniza miluyo pokhoma khoma, thabwa lililonse lidzakhala ndi nkhope yakeyake. Yesani kaye pa kamtengo kotsala, chifukwa madzi omwe akhala sabata yathunthu amafiiritsa m'malo motuwitsa, ndipo tiyi akachuluka thabwa limada bii.

Chenjezo limodzi lomwe ndinaliphunzira ndi chisoni: chitani zonsezi musanamate. Ndinamangapo mlatho wonse, usiku utatu, ndisanaupake. Paliponse pomwe guluu anatulukira, madzi a viniga sanalowe, ndipo mlathowo unatuluka mawangamawanga oyera. Guluu akauma amatseka thabwa ngati pulasitiki.

Kumanga

Apa sindichedwapo. Dulani makoma anayi pa katoni yolimba, muipente yakuda, kuti mipata ya pakati pa matabwa izioneka mdima. Matani timatabwa chimodzichimodzi, guluu pang'ono kumbuyo kokha, mukumasiya kampata kolowa pepala. Limodzi lipendeke, lina lisoweke. Zitsanirizeni ndi njerwa kapena mabuku usiku wonse. Nsanamira ndi machesi ochotsa mitu. Denga la malata ndi katoni yamizere ija mukaisenda pepala la pamwamba. Zonse mukhazike pa kathabwa ka hardboard kapena MDF (matabwa opangidwa ndi ulusi wa mitengo wopanikizidwa) ka mamilimita 3, osati pa katoni, chifukwa katoni imapindika nyengo ya mvula.

Ngati kanyumba kanu ndi ka pulasitiki kapena MDF

Madzi a viniga sagwira pa pulasitiki kapena resin (utomoni wouma gwaa ngati pulasitiki), ndipo MDF imafufuma ikamwa madzi ambiri. Tinyumba togula tambiri ta MDF timabwera tosalala see, mizere ya matabwa itangowotchedwa ndi makina. Kokani sandipepa ya 80 pa thabwa lililonse motsatira utali wake, muonjezere ming'alu ndi nsonga ya mpeni. Fumbi la MDF si labwino m'chifuwa, choncho chitirani panja mutatseka pamphuno. Kenako fayirani primer, penti yapansi yomwe penti ina imagwirapo, yakuda kapena yotuwa, yopyapyala, iume bwino.

Penti yoyamba ikhale yakuda yosakaniza ndi bulauni ndi kadontho ka yoyera, yofanana ndi makala onyowa. Ikauma, pakani yotuwa yapakati yomwe mwaiponyera bulauni pang'ono. Yotuwa ya yakuda ndi yoyera zokha imaoneka ngati simenti kapena mwala. Kadontho ka bulauni kapena ka chikasu n'komwe kamakumbutsa diso kuti uwu unali mtengo. Mukamachoka pa thabwa ili kupita pa linzake, sinthani msakanizowo pang'ono, apa yoyera, apo bulauni. Kuyambira pano njira ziwirizi zakumana.

Kudetsa ming'alu

Sakanizani gawo limodzi la penti, yakuda ndi bulauni theka ndi theka, ndi magawo pafupifupi 10 a madzi. Viikani nsonga ya machesi mu sopo wamadzi wotsukira mbale n'kutakasira mmenemo. Sopoyo amachititsa kuti madzi atsetserekere m'mizere m'malo moima timadontho. Amene ali ndi Agrax Earthshade, penti yamadzimadzi ya Citadel yodetsera ming'alu, atha kugwiritsa ntchito, koma pa khoma lonse la shedi ndi kuwononga ndalama.

Pakani mowolowa manja, kenako tsindikani pamwamba ndi nsanza kuti mdima utsale m'kati mokha. Pa matabwa omwe munawapaka viniga, musapake ponseponse. Ingotsatani mipata, ming'alu, pansi pa denga ndi pomwe matabwa akumana. Lekani ziume gwaa. Mu Okutobala ndi mphindi 20 zokha, mu Januwale mutha kudikira masana onse. Musathamangire, chifukwa burashi youma ikapeza ponyowa imangopaka matope.

Burashi youma

Tengani burashi yakutha ija, youma, isakhudze madzi. Igunditseni nsonga pa penti yotuwa yowalirapo kuposa yomwe ili pa khoma, kenako ipukuteni pa katoni mpaka izioneka ngati yatha penti. Iyeseni pa khungu la kuseri kwa dzanja lanu: ngati ikungoonetsa timizere ta khungu osadzaza pakati pake, yakonzeka. Iyendetseni mopepuka modutsa mizere ya thabwa, chopingasa, osati motsatira. Ikamadutsa chopingasa imangogunda timitunda n'kusiya tizigwa tili takuda, ndipo mizere yonse yomwe munakwecha ndi waya imadzuka pamaso panu.

Chitani katatu, ulendo uliwonse penti yowalirapo komanso malo ochepa. Ulendo woyamba khoma lonse. Wachiwiri, muonjezere yoyera ndi kadontho ka chikasu, mugunde chapakati ndi pomwe dzuwa limawomba. Wachitatu, mtundu wa mnyanga wa njovu, m'mphepete ndi pansonga pokha. Yoyera yeniyeni musaigwiritse ntchito, imaoneka ngati ufa wathiridwa pa nyumba.

Mwezi wa Okutobala, majakaranda akamachita maluwa, penti imauma pa mbale musanaigwiritse n'komwe. Tengani kabakuli ka majarini, ikani siponji yonyowa pansi ndi pepala lophikira makeke pamwamba, muzisakanizira pamenepo. Penti imakhala yofewa mpaka madzulo. Koma yopakira ndi burashi youma muziisakanizira pa katoni, chifukwa imeneyo sifuna chinyezi. Ndipo ngati n'kotheka pentani masana pakhonde. Mtundu womwe mwausankha pa kuwala kwa tochi magetsi atazima umadzakudabwitsani m'mawa.

Dzuwa, mvula ndi dothi

Nyumba sikalamba mofanana mbali zonse. Kuno ku Harare dzuwa limadutsa chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, choncho khoma loyang'ana kumpoto limasuluka kwambiri, pamene loyang'ana kumwera limakhalitsa ndi chinyezi ndipo limada. Ngati tebulo lanu ndi la nkhondo ya ku Normandy, ku France, mu 1944, zitembenuzeni: kumeneko mbali ya kumpoto ndiyo ya mthunzi ndi ndere. Sankhani khoma limodzi la dzuwa, mulipatse burashi youma yambiri, ndipo la kuseri kwake mulidetse kawiri.

M'munsi mwa khoma, mamilimita 5 mpaka 8 kuchokera pansi, ndi momwe mvula yochokera padenga imawaza dothi. Sungunulani penti yofiirira ndi madzi ambiri, muipake m'munsimo, kenako ndi burashi yonyowa yopanda penti muikokere m'mwamba kuti izimiririke pang'onopang'ono popanda malire ooneka. Mtundu wake ugwirizane ndi dothi la tebulo lanu. Ine ndimatapa katondo weniweni kuseri kwa nyumba, n'kumuumitsa, kumusefa ndi sefa ya tiyi, n'kumuwaza pa guluu wosungunula kuzungulira kashedi. Katondo yemweyo wosakaniza ndi guluu, mukamukoka ndi singano kukwera nsanamira, amapanga njira ya chiswe. Sindinaonepo chinthu china chaching'ono chonchi chomwe chimaimitsa munthu wa kwathu kuno kuti ayang'anitsitse.

Ndere zikhale zochepa. Yachikasu ndi kadontho ka yakuda zimatulutsa chobiriwira chofooka, chomwe ndi choyenera. Donthezani m'munsi mwa khoma la mthunzi basi. Pokhapokha ngati mukupanga malo a ku Burma, komwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anakamenya nkhondo mu 1944. Mnzanga wina yemwe agogo ake anali msilikali wochokera ku Zomba akusonkhanitsa gulu limeneli, ndipo tinyumba take tinatipenta toderako, tobiriwira mpaka m'chiuno, chifukwa matabwa a m'dziko la mvula yochuluka choncho sayera mbuu ngati athu.

Misomali

Bayani timabowo tiwiri ndi singano kumapeto kwa thabwa lililonse, pomwe mtanda wa kumbuyo ukudutsa. Zikhale pa mzere umodzi, koma osati wa rula. M'bowo lililonse gunditsani kadontho ka penti yakuda yosakaniza ndi ya dzimbiri. Isanaume, pukutani burashi yosongoka, ikhale yonyowa pang'ono, n'kukokera kadonthoko pansi mamilimita awiri kapena atatu. Osachita misomali yonse. Umodzi mwa itatu ulire msozi, inayo ikhale chete. Mahinjesi a chitseko ndi timapepala tolimba topenta dzimbiri, ndipo pansi pake mzerewo ukhale wautaliko.

Chitseko chomwe chinapentedwapo kale

Ndimakonda kuti chitseko chikhale ndi penti yakale yokanganuka, yobiriwira kapena ya buluu, monga zitseko zambiri za m'makomboni. Njira yosavuta ndi ya kandulo. Chitseko chikatuwa n'kuuma, chikwecheni ndi kandulo m'mphepete, m'munsi, ndi pozungulira chogwirira pomwe manja amagunda tsiku ndi tsiku. Pakani penti ya mtundu womwe mwasankha, mutaiwonjezera yoyera kuti ioneke yosuluka, kamodzi kokha. Ikangouma, palani ndi chikhadabo kapena msana wa mpeni motsatira mizere. Pomwe panali phula penti imachoka, thabwa lotuwa n'kuonekera. Dutsitsanipo sandipepa ya 220 mopepuka, mupukute phula lotsala ndi nsanza, kenako mupakenso madzi akuda aja pang'ono kuti zonse zigwirizane. Penti imakhalitsa pamwamba, pansi pa denga, ndipo imatha msanga m'munsi. Mukaitembenuza, diso limadziwa kuti china chake chalakwika ngakhale munthu asathe kuchitchula.

Kuyesa ndi kutseka

Imikani kamsilikali pa chitseko, muike zonse patebulo, mubwerere m'mbuyo mita imodzi. Tebulo la Bolt Action nthawi zambiri limakhala la mafiti 6 kwa 4, ndipo osewera amayang'ana ataimirira, choncho zomwe zimakongola pafupi ndi mphuno zitha kusowa pamenepo. Ngati khoma likuoneka chinthu chimodzi chotuwa, sankhani matabwa awiri muwadetse, limodzi mulipake chikasu chopyapyala ngati lomwe analisintha chaka chatha. Ngati kashedi kakuposa kamsilikali kuwala, kaphimbeni ndi madzi akuda osungunula kwambiri. Maso ayenera kufika pa tiasilikali poyamba.

Chomaliza ndi vanishi yosanyezimira, yomwe pachitini amalemba matt. Yonyezimira imapha ntchito yonse, thabwa lakale silichita phuliphuli. Gwedezani chitini mphindi ziwiri zathunthu, fayirani panja muli patali masentimita 25 mpaka 30, kawiri kopyapyala. Musafayire tsiku la mvula kapena m'mawa wozizira wa Juni, chifukwa vanishi imachita mbuu ngati chifunga pa penti. Dikirani dzuwa likwere, ndipo muyese kaye pa kamtengo kotsala komwe munakapenta mofanana. Vanishi imadetsako mitundu pang'ono, choncho ikauma mutha kudutsitsanso burashi youma kamodzi m'mphepete mwa denga ndi pansonga za mpanda. Sungani tinyumbato m'bokosi la pulasitiki lotseka, pa shelefu osati pansi, ndipo pakati pake muziika mapepala kuti tisakhulane pa ulendo wa mu kombi.